Chivomezi cha 1700 ndi alembi a ku Japan

Kwa miyezi iwiri ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene phunziro la zivomezi limatitengera ku nkhokwe za zolembedwa zakale pamene makina oyezera kugwedezeka kwa nthaka alipo, ndipo mtima wangokhala pansi sabata ino nditawerenga za Cascadia, kugombe lakumadzulo kwa North America.

Chivomezi cha mphamvu pafupifupi 9 pa sikelo yoyezera zivomezi chinagwedeza derali pa 26 Januwale 1700, makinawo kulibe. Tsikuli tikulidziwa chifukwa alembi a ku Kuwagasaki ndi Otsuchi ku Japan analemba za mafunde amene anasefukira pakati pa usiku n'kuwononga nyumba, nthaka ya kwawoko isanagwedezeke n'komwe. Ku Kuwagasaki nkhawa yawo inali nyumba zimene zinapsa ndi mpunga woti apatse ovutika. Mu 1996 katswiri wa zivomezi Kenji Satake ndi anzake anatenga nthawi imene mafundewo anafika, nachotsapo maola pafupifupi 10 amene mafunde otere, otchedwa tsunami, amatenga kuwoloka nyanja ya Pacific, ndipo anapeza kuti chivomezicho chinachitika cha m'ma 9 koloko usiku pa nthawi ya ku Cascadia. Chimene chandilowa m'mutu n'chakuti mlembi uja ankangogwira ntchito ya boma, osadziwa kuti pepala lake lidzayankha funso la anthu ena patapita zaka pafupifupi 300. Makina akhala akujambula zivomezi kwa zaka zongopitirira 130, pamene mng'alu umodzi wa pansi pa nthaka woyambitsa chivomezi umatha kugona zaka mazanamazana usanadzukenso.

Kwa ine, kuwerengera chobwerera kuchokera pa tsiku ndi ola la m'kalata yakale ndiyo njira yoposa zonse zimene taphunzira. N'chifukwa chake zikundiwawa kuti aphunzitsi athu anatha masabata anayi pa masamu, nkhani ya zolembedwa n'kuipatsa ola limodzi lokha, mayeso ali pakhomo.

Ndikakumbukira zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009, ndimaganiza za mabuku a tsiku ndi tsiku a kumamishoni ndi malipoti a maboma, amene chiswe ndi chinyezi siziwasiya. Kuwajambula n'kuwaika pa kompyuta kumathandiza, komabe mtima wanga sunakhazikike pa funso la amene ayenera kusankha pepala loyamba kujambulidwa ndalama zikachepa, poti ineyo ndikadakhala wosankha mwina kaundula wa mpunga ndikadamuika kumapeto.