Loweruka la makwerero ndi ngumbi

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi usiku, ndipo ndi imene yatigwiritsa ntchito lero. Babu la pakhonde, lija loyera mbee lomwe lili pamwamba penipeni pa chitseko, linaitana ngumbi za dera lonse. Kutacha tinapeza mapiko ali mbwee mpaka pabalaza, achule atatu ali khale pasitepe. Apongozi anga, omwe akucheza kwathu kuno mwezi uno, anangoti, "Achulewa akubwera ndi njoka kumbuyo kwawo." Bambo a kunyumba anaseka. Ine sindinaseke.

Ndiye lero tinalawirira ku Malangalanga kukayendera mashopu a hadiweya. Bambo anali atapangiratu kale maganizo awo: chinyali chimodzi cha sola, chija amalemba 300W pakatoni, achikhomere pamwamba chiwalitse bwalo lonse ngati pasitediyamu. Mnyamata wa m'shopu naye amangothira mafuta, "Ichi ndiye chenicheni bwana, wakuba sangayerekeze." Ine ndinatembenuza katoni kufuna pomwe alemba ma lumen, poti ndiwo amanena kuchuluka kwa kuwala, mawati amangonena magetsi omwe nyali ikudya. Panalibe. Kuchinyamula chinyalicho, chopepuka ngati mulibe kanthu. Mawati 300 kwa maola 12 ndi mayunitsi 3.6, ndipo batire losunga magetsi otero silinyamulika ndi dzanja limodzi. Nambala ija angoikongoletsera katoni.

Tinaimbira mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo, yemwe ndi mmisiri wa zamagetsi. Iye anati tisiye kumvera pakamwa pa ogulitsa, tiyang'ane zinthu ziwiri zokha. Choyamba IP, zilembo zotsatana ndi manambala awiri zosonyeza mmene nyali yatetezedwera. Nambala yoyamba imanena za fumbi, yachiwiri za madzi. Pansi pa denga la khonde, pomwe mvula imangowaza, IP44 ikwana. Koma pamtetete, pageti kapena pakhoma lopanda chophimba, pafunika IP65. Chachiwiri K, yomwe imanena mtundu wa kuwala. Babu la 6500K ndi loyera lopita ku buluu, ndipo kuwala kotereku ndi komwe tizilombo touluka timakukonda kwambiri. La 3000K ndi lachikasu pang'ono, ngati nyali ya palafini ya kale ija. "Tizilombo tibwerabe alamu," iye anatero, "koma osati khamu lija."

Tinagula mababu awiri a 3000K a mawati 10, nyali ziwiri za sensa, zija zimayaka zokha chinthu chikadutsa pafupi, ya sola imodzi yapakatikati yokhala ndi panelo yakeyake, ndi tinyali tinayi ta sola tozika pansi. Mtengo wake sindilemba pano, mtima ungandipwetekenso. Chomwe chinanditonthoza ndi masamu omwe ndinawerengera mu minibasi: babu la mawati 10 likayaka maola 12 limadya 0.12 ya yuniti, pamwezi mayunitsi 3.6. Lija la mawati 100 lomwe tinakulira nalo likanadya 36.

Mlamu anafika titangomaliza nsima, ndipo anakanitsitsa kuboola khoma dzuwa likadalipo. Akuti nyali yapanja saikhoma masana, amayamba aiona usiku. Masana onse anathera pa ngalande ya waya wopita kugeti. Bambo amafuna waya angodutsa pamwamba pa mpanda, mlamu anati ayi, alowe mupaipi ndipo paipiyo ikwiriridwe mozama ndithu, chifukwa tsiku lina wina adzabwera ndi khasu kudzalambula kapinga osadziwa kuti pansipo pali moto.

Panelo ya sola inadzetsa mkangano wina. Bambo anaigoneka chagada padenga, ati dzuwa lili paliwombo, vuto n'chiyani? Mwezi uno wa Novembala akunena zoona. Koma ife tili kummwera kwa equator, ndipo mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsira kumpoto, masana amafupika, mitambo ya chiperoni n'kuwonjezera. Nthawi imeneyo ndi yomwe batire limavutika kudzadza. Tinaipendeketsa pang'ono kuyang'ana kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango. Kupendekekako kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Anaiika poti ndingafike ndi makwerero aafupi, poti fumbi la mu Okutobala wolipukuta adzakhala ine ndemwe, ndikudziwa.

Chisisira chitagwa ndi pomwe ndinaphunzira chinthu. Bambo amafuna nyali yamphamvu ikhale pachipilala cha geti, iziyang'ana kunyumba. Mlamu sanatsutse. Anangoinyamula ya sola ija, n'kukwera nayo pamakwerero pageti, n'kundiuza kuti ndiime kumbuyo kwake pafupi ndi papaya. Kenako anakuwa, "Achimwene, suzumirani pawindo. Alamu ali pati?" Bambo anasuzumira, anaphimba maso ndi dzanja, anafufuza uku ndi uku. Sanandione, chonsecho ndinali nditavala chitenje chowala. Nyali inawathobwa m'maso, ndipo kuseri kwake kunali mdima wa ndiweyani. Wakuba akanaima pomwe ndinaima inepo akanaona nyumba yonse bwinobwino, ife osamuona. Bambo anangoti "Hmm," ndipo kwa iwo kumeneko ndi kuvomera.

Basi tinayamba kuyenda nayo nyaliyo kuzungulira nyumba, kuiyesa apa ndi apo. Paliponse inkachita bwino ikaweramira pansi, pamtunda wa mamita awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Ukaikweza kwambiri sensa imaphonya munthu woyenda m'mbali mwa khoma. Sensa imagwiranso msanga munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika, ndiye ya kugeti tinaikhoma pambali, osati maso ndi maso ndi njira. Ya kuseri, kumene kuli thanki ya madzi ndi khola la nkhuku, poyamba inkalasa pawindo la kuchipinda kwa aneba. Tinaiweramitsa asanabwere kudzadandaula. Anthu aja tinabwerekako wilibala sabata yatha.

Ya sola inatsalira pakona ya pakati pa khitchini ndi bafa lapanja, kuti magetsi akathima pakhale poonera. Tinyali tinayi tija ndinazika ndekha m'mbali mwa kanjira kopita kudimba, kamodzi pomwe pali muzu wa mango womwe umapunthwitsa aliyense. Sitiwala kwenikweni, timangokuuza poponda. Bambo amafuna tizike mothinana ngati bwalo la ndege la Kamuzu, ine ndinatitalikitsa. Pakhonde mababu achikasu aja anapita kumapeto, kumanja ndi kumanzere, pamwamba pa chitseko n'kusiya popanda kanthu. Khonde likuoneka lofatsa tsopano, lokhalika, ndipo nkhope ya mlendo imaoneka yonse, osati chipumi chokha.

Babu loyera lija ndinali nditaliponya kale m'katoni ya zotaya. Apongozi analitola.

"Mwanawe, ukutaya ndiwo?"

Anamuuza mlamu kuti alimangirire pamtengo kukona ya mpanda, kutali ndi nyumba, chakufupi ndi chulu, likhale ndi switchi yakeyake. Mlamu anayang'ana achimwene ake, achimwene ake anayang'ana ine, koma mawu a amayi ndani angawabweze? Waya wotsala anakwanira ndendende, ndipo analiveka chophimba kuti lisanyowe.

Cha m'ma 7 koloko kunawazanso. Ndikulemba pano ndili pakhonde, palibe chondigwera m'kapu ya tiyi kupatula kagulugufe kamodzi kosochera. Kukona kuja kuli chipwirikiti, ana awiri ndi agogo awo azungulira beseni la madzi, ngumbi zikungogweramo. Nyali ya kugeti yayaka kale kanayi, ndipo kanayi konseko ndi mphaka wa aneba. Mlamu wati abwera mawa akaweruka kutchalitchi adzaichepetse mphamvu, koma wanenetsa kuti timusungire mbale ya ngumbi zokazinga.