Sabata yathera pofunafuna batani la Start

Izi ndinalemba mu 2013. Sabata ino ntchito yanga yeniyeni ndaigwira pang'ono zedi, nthawi yambiri yathera poyendayenda m'madesiki a anthu kuwaonetsa mozimitsira kompyuta. Eee, kuzimitsa kumene. Ine ndimayang'anira makompyuta pa ofesi pathu, nde atsopano atafika ali kale ndi Windows 8 mkati abwana anangoti tisataye nthawi nkubwezeretsa Windows 7, tizolowere basi, poti ngakhale Windows XP imene ena akuikakamirabe chithandizo chake chikutha mu Epulo 2014.

Lolemba foni inayamba kulira ndisanakhale nkomwe. Oyamba anali amayi a ku akaunti, "Achimwene tabwerani, kompyutayi ikungondionetsa chithunzi ndi nthawi, polemba pasiwedi sindikupaona." Chithunzi chimenecho pa tabuleti umachikankhira m'mwamba ndi chala, pa kompyuta ya pa desiki ungodina batani lililonse pa kiyibodi chichoka chokha, koma palibe chimene chimakuuza zimenezo. Atalowa anakumana ndi timabokosi tamitundumitundu tadzaza sikirini yonse, kena kakuonetsa nyengo kena nkhani kena kakungotembenuka kokha, anandiyang'ana nkuti "nanga Excel wanga ali kuti?" Ndinawadinira kabokosi ka Desktop nkhope inamasuka pang'ono, kenako ndinaona mausi ikutsetsereka yokha kupita pa kona ya m'munsi kumanzere. Mulibe kanthu. Batani la Start lakhala pamenepo kuyambira Windows 95 mpaka Windows 8 kutuluka mu Okutobala 2012, zaka 17 dzanja likupita pa kona imodzimodzi munthu osaganizako nkomwe, nde musadabwe kuti anthu akuluakulu anakhala ngati ayamba dzulo.

Zinthu zonse zilimo ndithu, kungoti anazibisa m'makona. Zili ngati munthu wakukonzera nyumba bwinobwino koma masiwichi a magetsi wawaika kuseri kwa makatani. Ukapititsa mausi pa kona ya kumanja pamatuluka zizindikiro zisanu, Search, Share, Start, Devices ndi Settings, ndipo kuti uzimitse kompyuta uyenera kulowa mu Settings, kenako Power, kenako Shut down. Ndi chala ndizophweka kwabasi, umangokoka kuchokera m'mphepete mwa sikirini zatuluka, ndinayesa pa laputopu ya abwana imene sikirini yake ndi yogwira ndipo zimakoma ndithu. Koma ndi mausi umayenera kulasa pa kona penipeni kenako kutsika molunjika, dzanja likangokhota pang'ono zazimiririka uyambirenso. Madzulo ake ndinapeza ena angosiya makompyuta ali chiyakire nkumapita, akuti atopa nazo.

Lachiwiri ndi pamene ndinaona vuto lenileni, ndipo si la batani ayi. Mu kompyuta imodzi muli mayiko awiri. Kuli desikitopu yathu ija ya mawindo oti ukhoza kuwachepetsa, kuwayika pambalipambali, ndiye kuli dziko la mapulogalamu atsopanowa amene amadzaza sikirini yonse, alibe ka X kotsekera, ndipo mzere wa m'munsi uja sumaoneka. Amayi aja ntchito yawo ndi kutsegula invoisi ya PDF mbali ina, Excel mbali ina, nkumakopera manambala. Atadina PDF inatseguka mu Reader, imodzi mwa mapulogalamu atsopanowa, sikirini yonse yatengedwa, Excel wasowa, potulukira palibe. Kutseka kwake umagwira pamwamba penipeni pa sikirini nkukokera mpaka pansi, tsono ndani angalote zimenezo? Ilipo njira yoti pulogalamu yotereyi uikankhire m'mbali ikhale kachigawo kowonda ka mapikiselo 320, koma imafuna sikirini yosachepera 1366 x 768, nde mamonita athu akale aja a 1280 x 1024 amangokana. Chimene ndinachita nkulowa pa kompyuta iliyonse kusintha mapulogalamu otsegulira mafayilo, PDF ndi zithunzi zizitseguka ndi mapulogalamu a pa desikitopu, ndipo mafoni anachepa tsiku lomwelo. Internet Explorer 10 naye alipo pawiri, wa sikirini yonse ndi wa pa desikitopu, ndinaseta kuti nthawi zonse azitseguka wachiwiriyu. Pulogalamu ya imelo yobwera ndi Windows 8, ya Mail ija, sindinalimbane nayo nkomwe, sigwira njira yolandirira imelo yotchedwa POP pomwe imelo ya pa ofesi pathu ndi ya POP, tonse tatsalira pa Outlook.

Lachitatu ndinatayipa kapepala nkumata pansi pa monita iliyonse. Batani la Windows kenako ungoyamba kutayipa dzina la pulogalamu, ibwera yokha. Windows ndi D kubwerera ku desikitopu. Windows ndi I kupita kumene kuli Power. Alt ndi F4 kutseka chilichonse chimene chakutsekereza. Basi. Zoseketsa nzakuti pulogalamu imene anaipangira zala yachititsa anthu a pa ofesi pathu kuphunzira kiyibodi kuposa kale lonse kkkk. Chimene chimasokonezabe ndi chakuti ukatayipa zotsatira zimagawidwa patatu, Apps, Settings ndi Files, nde munthu atayipa "printer" akuona palibe kanthu kumachita kuti zili pa Settings pamene sanadine. Kwa ine ndekha ndimakonda Windows ndi X, kamenyu kake kali ndi Control Panel, Device Manager, Command Prompt, zonse zimene munthu wa ntchito ngati yanga amafuna.

Abwana tsiku loyamba ankangogwiragwira sikirini monyadira, pofika pakati pa sabata ndinawapeza alumikiza mausi. Akuti mkono umatopa, komanso galasi lonse zidindo za zala zokhazokha.

Koma tisanamizane, pansi pakepo Windows 8 ndi yabwino. Imayaka msanga kwambiri, chifukwa ukadina Shut down sizima yonse, mtima wake umasungidwa pa disiki monga zimachitikira ukaigoneka ndi Hibernate, nde poyatsa imangodzutsa pomwe inasiyira. Izi zili ndi msampha wake umene ndinauona Lachinayi. Mnyamata wina pirinta inkamukanira, ndikumufunsa ngati wayesa kuzimitsa nkuyatsanso akuti "ndapanga kale akulu, palibe chasintha," ndipo samanama. Kungoti pano kuzimitsa nkuyatsa si chimodzimodzi ndi Restart, ndi Restart yekha amene amayambitsa zonse mwatsopano. Titadina Restart pirinta inayamba kulavula mapepala onse amene anaunjikana. F8 uja tinkamudina poyatsa kuti tilowe Safe Mode, mayatsidwe okonzera kompyuta ikavuta, nayenso sagwira, pano umagwira Shift uku ukudina Restart. Task Manager watsopano ndiye ndamukonda, akukuonetsa poyera pulogalamu imene ikudya memori kapena disiki, ndipo zoyamba zokha poyatsa ukhoza kuzithimitsa pomwepo. Kukopera mafayilo ukhoza kuimitsa kaye nkudzapitiriza. Antivayirasi ilimo kale, Windows Defender.

Lachisanu kunali kukambirana. Ena amva kuti kuli timapulogalamu ngati Classic Shell ndi Start8 tobwezeretsa menyu yakale ija ndipo akufuna ndiwaikire. Sindinakane kwa onse, amayi a ku akaunti ndawaikira Classic Shell poti kumapeto kwa mwezi kwayandikira ndipo si nthawi yoti azilimbana ndi makona. Enawo ndawauza adikire kaye, chifukwa chilichonse chowonjezera chimene ndaika pa kompyuta ndine ndemwe ndidzachisamale chikadzayamba kuvuta, komanso ambiri ndi kapepala kaja akuyenda bwinobwino. Windows 8.1 yoyeserera inatuluka kale mu Juni 2013, batani la Start labwerera ngakhale limangokupititsa ku timabokosi tomwe tija osati ku menyu yakale, koma chimene ndikufuna ine ndi choti kompyuta ikayaka izifikira pa desikitopu, ndipo chimenecho chilimo. Pali kompyuta ina yongokhala m'chipinda cha seva, sabata ya mawa ndiyikamo ndione ngati pulogalamu yathu ya malipiro ndi madiraiva a pirinta zikugwirizana nayo.