Bwalo la kapinga wapulasitiki kuseri kwa nyumba: ntchito yeniyeni ili pansi

M'madera okhalamo mabanja mumzinda wa Johannesburg, monga Randburg ndi Fourways, eni nyumba ena akuzula kapinga weniweni kuseri kwa nyumba n'kuyala wapulasitiki kuti ana apeze pomenyera mpira chaka chonse. Ambiri amataya nthawi posankha mtundu wa kapingayo, chonsecho bwalo likawonongeka, vuto limakhala pansi pake. Tiyeni titenge bwalo la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, lomwe ndi masikweyamita 60.

Yambani mwadziwa masewera amene muzichitirapo. Tenesi ndi hoke zimafuna kapinga wamfupi, wa mamilimita 12 mpaka 20, wothiridwa mchenga. Mpira wamiyendo umafuna wotalikirapo, wa 40 kapena kuposa. Basketball iiwaleni: mpira wake sudumpha bwino pa kapinga, umafuna konkire kapena matailosi apulasitiki. Ngati nyumbayo ili mu esiteti (mudzi wa nyumba zambiri za mu mpanda umodzi), pemphani kaye chilolezo kwa komiti ya eni nyumba, makamaka pa nkhani ya mpanda wa neti ndi magetsi.

Kumbani mamilimita 125 mpaka 150, mutayang'ana kaye komwe kwadutsa mapaipi ndi mawaya. Mizu yonse ya kikuyu ichoke. Udzu umenewu ndi wamakani, kachidutswa kotsala kamaphuka n'kutulukira m'timabowo ta madzi ta kapinga watsopanoyo. Pokumbapo siyani kupendekeka kwa sentimita imodzi pa mita iliyonse, kulozetsa madzi kutali ndi nyumba ndi khoma la aneba. Pa mamita 6 ndiye kuti mbali imodzi itsike masentimita 6. Khomani zikhomo, mangani chingwe, yezani ndi levulo, osangoyerekeza ndi maso. Mvula ya ku Gauteng, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, imagwa yambiri pa kanthawi kochepa, ndipo pa dothi lamakande pamafunika paipi yamabowo m'ngalande ya miyala ku mbali yotsikayo.

Mukatsendera dothilo, yalani nsalu ya geotextile, molumikiza zipitirirane masentimita 30. Nsaluyi imaletsa miyala kumira m'dothi. Mangani mpendero wa konkire kapena wa matabwa othiridwa mankhwala a chiswe kuzungulira bwalo lonse, apo ayi miyala idzayamba kuthawira m'mbali, m'mphepete n'kugwa.

Tsopano miyala yophwanya, imene kumeneko amaitchula G5. Pa kuya kwa mamilimita 100 pafunika makyubiki mita 6 ikatsenderedwa, pafupifupi matani 12, choncho odani yoposerapo pang'ono. Apa ndi pamene anthu amaonongera ntchito. Amakhuthula yonse nthawi imodzi n'kuyendetsa makina otsendera pamwamba, pansi pakadali pofewa. Thirani mamilimita 50, wazani madzi kuti inyowe koma isachite thope, yendetsani makina kangapo m'litali ndi m'lifupi, kenako muwonjezere 50 ena. Mukaponda ndi chidendene n'kusiya chizindikiro, sipanalimbe. Pamwamba pake ikani fumbi la kwale lokhuthala mamilimita 25, makyubiki mita 1.5, mulisalaze ndi chitsulo chowongoka cha mamita 3. Mpata wa pansi pa chitsulocho usapitirire mamilimita 6. Mchenga wa kumtsinje pano ayi: umasuntha ndi madzi, nyerere nazo zimaukonda. Chitunda chilichonse chimene mwasiya apa chidzaoneka pamwamba, ndipo mpira udzachipeza.

Kapinga amagulitsidwa m'mipukutu ya mamita 2 kapena 4 m'lifupi, ndiye bwalo lathuli likhala ndi msoko umodzi wa mamita 10. Zidutswa zonse zichokere pa gulu limodzi la ku fakitale, chifukwa mtundu umasiyanako. Funyululani, musiye padzuwa maola awiri kapena atatu kuti makwinya achoke. Ulusi wa kapinga umagonera mbali imodzi. Chidutswa china chikatembenuzidwa, bwalo limaoneka la mitundu iwiri mpaka kalekale.

Pa msoko, dulani chakunsi ndi mpeni wakuthwa, kuchotsa mizere iwiri kapena itatu ya ulusi mbali zonse. Yandikizani zidutswazo kusiya kampata ka mamilimita 2 mpaka 3. Zikakwerana pamatuluka mzere wotumphuka, zikatalikirana pamaoneka njira. Pindani m'mbalimo, yalani tepi yolumikizira, pakani guluu wa polyurethane ndi chopakira chamano, bwezerani kapingayo mosamala kuti ulusi usagwere m'guluu, kenako sanjikani matumba a mchenga usiku wonse. Kukakhala chinyezi kapena mitambo ya mvula, dikirani tsiku lina. Mizere yoyera ya bwalo imalowetsedwa chimodzimodzi, podula ndi kumata. Penti sachedwa kufufutika. M'mphepete khomani misomali yosachita dzimbiri motalikirana masentimita 15 mpaka 20, kapena matani pa konkire.

Mchenga wothira pamwamba ndi wa silica, wouma komanso wobulungira. Kuchuluka kwake amanena ndi wopanga kapingayo, koma akati makilogalamu 20 pa sikweyamita, ndiye matumba 48 a makilogalamu 25. Thirani pang'onopang'ono kapinga ali wouma, mukupesa ndi burashi yolimba motsutsana ndi kugona kwa ulusi. Mchenga ukachepa ulusi umagona n'kutha msanga, kapinga n'kumachita makwinya pakatentha. Timibulu ta matayala akale timene amathira m'mabwalo akuluakulu, kunyumba n'tosafunika: timalowa m'nsapato mpaka kuchipinda, ndipo mu 2023 European Union idalamula kuti kugulitsa kwake m'mayiko a bungweli kuthe pofika 2031.

Chimene ogulitsa satchula kawirikawiri ndi kutentha. Masana a Disembala kapingayu amatha kupitirira madigiri 60, moti mwana wopanda nsapato amapsa mapazi. Kuwaza madzi kumaziziritsa kwa kanthawi chabe. Magalasi ena a mawindo amabweza dzuwa n'kusungunula ulusi, choncho onani komwe kuwala kumagwera musanayale, ndipo mbaula ya braai ikhale patali. Pesani bwalo kamodzi pa mwezi, chotsani masamba asanaole, ndipo pa goli, pomwe mchenga umatha msanga, muziwonjezera chaka chilichonse.