Masters ya zofalitsa uthenga: funso langa lili m'minda ya ku Tsangano

Tikakumana anthu amene tinamaliza digiri yoyamba ya utolankhani kapena zofalitsa uthenga, nkhani ya masters siichedwa kubuka, ndipo mafunso ake amakhala awiri: sukulu iti, nanga fizi ndi zingati? Funso lomwe ndimaliona lalikulu silimveka kawirikawiri: ukukafufuza chiyani, ndipo adzakuyang'anire ndani?

Ine ndimagwira ntchito kuno ku Ntcheu ndi alimi a mbatata ya kachewere. Ntchito yanga ndi kukonza mauthenga a pawailesi, timapepala ndi misonkhano ya m'makalabu. Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi: timalengeza za matenda a chiwawu, timafotokoza za mbewu yabwino, alimi amamva ndithu, koma akafika pogula mankhwala amatsata zomwe wanena wogulitsa pa msika wa Lizulu, kapena mnzawo wa munda woyandikana. Kodi uthenga wathu umathera pati? Ndikufuna masters chifukwa cha funso limeneli, osati pepala lokha.

Nditayamba kuwerenga ndinapeza kuti funsoli ndi lakale. Mu 1943, Bryce Ryan ndi Neal Gross anafalitsa kafukufuku wa alimi a ku Iowa, ku America, wokhudza chimanga cha hayibulidi. Anapeza kuti ambiri anamva koyamba za mbewuyo kwa ogulitsa, koma amene anawakopa kuti abzale anali alimi anzawo. Kumva ndi kwina, kukhulupirira ndi kwina. Ndinasangalala kwambiri kuona kuti zomwe ndimaona ku Tsangano zili ndi mbiri m'maphunzirowa. Koma mlimi wa ku Iowa wa nthawi imeneyo analibe WhatsApp, sankagulitsa kwa mavenda obwera ndi malole, ndiponso sankalima m'malire momwe nkhani ndi katundu zimadutsa kuchokera ku Mozambique tsiku lililonse. Pamenepo ndi pomwe pali danga lomwe kafukufuku wanga angadzaze.

Tsono njira zopezera masters. Kuno kwathu, aliyense ayenera kukumbukira kuti University of Malawi inagawidwa mu 2021. Dzinalo linatsala ku Zomba, komwe kunali Chancellor College, pomwe Polytechnic ya ku Blantyre, kwawo kwa maphunziro a utolankhani, inasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS). Ku Zomba kuli mwambo wautali wogwiritsa ntchito zisudzo pa chitukuko, umene anthu ngati Chris Kamlongera ndi David Kerr anaulimbikitsa m'zaka za m'ma 1980, popita ndi ophunzira kumidzi kuti anthu azikambirana okha mavuto awo. Mwambo umenewu umandikoka mtima chifukwa umaona mlimi ngati wolankhula, osati womvera chabe. Ndipo popeza nkhani yanga ndi ya ulimi, sindingaiwale yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda, komwe ulangizi ndi phunziro palokha. Sukulu zoyima pazokha ziliponso, koma musanalipire ngakhale tambala, funsani ku National Council for Higher Education ngati pulogalamu imeneyo, osati sukulu yokha, ndi yovomerezeka.

Zofunika polowa sizisiyana kwenikweni: digiri yoyamba yokhoza bwino, chikalata cha magiredi a zaka zonse, makalata a anthu okuchitira umboni, ndipo kwina amafuna kuti ukhale utagwirako ntchito. Izi munthu amasonkhanitsa, zimatha.

Chovuta chili potuluka. Masters zambiri kuno zimatenga zaka 2. Gawo loyamba ndi la m'kalasi, njira zochitira kafukufuku ndi maganizo a akatswiri. Gawo lachiwiri uli wekha ndi thesis, buku lofotokoza kafukufuku wako. Umalemba pulopozo, umaiteteza pamaso pa aphunzitsi, umadikira chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu ofunsidwa, kenako ndiye kulowa m'midzi. Ukabwerako, mawu onse ojambulidwa uwalembe, ndipo popeza alimi anga adzayankha m'Chichewa koma thesis ndi ya m'Chingerezi, kumasulira ndi ntchito inanso yaikulu. Kenako oyesa, wina wa pasukulupo wina wa kunja, ndi zokonza zomwe angalamule. Ndikudziwa anthu anzeru amene anakhoza mayeso onse a m'kalasi koma mpaka lero sanavale gauni. Si ulesi. Ena anasankha mutu wongosangalatsa aphunzitsi, mutu wosawakhudza mtima, ndipo ntchito ndi banja zitawapanikiza analibe chowakokera kubwerera ku tebulo. Ena woyang'anira wawo anali ndi ophunzira ambirimbiri, chaputala chimodzi n'kugona miyezi. Zimandiwawa, chifukwa ndalama zomwe zinapita n'zambiri, zina zangongole.

Kunja ndinayang'anakonso. Ku South Africa, Rhodes University ku Makhanda ndi yodziwika pa utolankhani, ndipo University of KwaZulu-Natal ku Durban ili ndi mbiri pa mauthenga a zaumoyo ndi chitukuko. Kumeneko digiri yoyamba nthawi zambiri ndi ya zaka 3, kenako honours chaka chimodzi usanalowe masters, choncho digiri yathu ya zaka 4 iyenera kuunikidwa kaye ndi bungwe la SAQA kuti aone pomwe ikugwera. Ku Britain masters zambiri ndi za chaka chimodzi. Sikolashipu ya boma la Britain yotchedwa Chevening imafuna kuti ukhale utagwira ntchito maola osachepera 2,800, ndipo ukamaliza ubwerere kwanu kwa zaka 2. Ndi mwayi weniweni, ndipo amene cholinga chake ndi utsogoleri wa nyumba youlutsira mawu ayese. Malmö University ya ku Sweden ili ndi masters ya Communication for Development yophunzira pa intaneti, koma fizi za anthu ochokera kunja kwa Ulaya si zamasewera, kuwonjezapo mabandulo ndi kuzimazima kwa magetsi.

Kwa ine chaka chimodzi ku London sichingakwane. Funso langa limafuna kuti ndikhale pamunda kuyambira pobzala, chiwawu chikagwa nthawi ya mvula, mpaka matumba akukwezedwa pamsewu wa M1. Ndikufuna kumva zomwe mayi wolima mbatata amafunsa wogulitsa mankhwala, ndi chomwe chimamuletsa kufunsa mlangizi zomwezo. Zimenezi sungazipeze pofunsa anthu palamya uli kutali.

Choncho ndatsimikiza zophunzira konkuno, m'pulogalamu yolola munthu kupita kusukulu milungu ingapo n'kubwerera ku ntchito. Ndalemba masamba awiri ofotokoza funso langa, ndipo ndikuwatumiza kwa aphunzitsi amene zolemba zawo ndaziwerenga, ku Zomba ndi ku Bunda, kuwafunsa mwaulemu ngati angathe kuyang'anira mutu woterewu komanso kuti ali kale ndi ophunzira angati. Mu bajeti ndaikamo zomwe sizilembedwa pa fomu ya fizi: kabaza wa njinga yamoto wopita kumidzi, wondithandiza kulemba mawu ojambulidwa, ndi chindapusa cha komiti ya chilolezo. Chatsala ndi kukhala pansi ndi abwana kuti tigwirizane za masiku a tchuthi, zilembedwe papepala, fomu yofunsira malo isanatumizidwe.