Lachiwiri, ine ndi Langston Hughes kuseri kwa khitchini

Lero kuntchito kunali zii, makasitomala ochepa, ndiye nditamaliza kupukuta matebulo ndinakakhala pakreti kuseri kwa khitchini nkumawerenga pafoni za Langston Hughes, mlakatuli wachikuda wa ku America.

Chomwe chandigwira mtima nchoti munthuyu ankagwira ntchito ngati yangayi. Mu 1925 ankachotsa mbale pa Wardman Park Hotel ku Washington, ndiye tsiku lina kukubwera Vachel Lindsay, mlakatuli wotchuka nthawi imeneyo, kudzadya, Hughes nkungotenga ndakatulo zake zitatu kuziika pambali pa mbale ya bamboyo. Usiku womwewo Lindsay anaziwerenga pagulu, kukucha manyuzi ali pa Hughes. 1926 buku lake loyamba, The Weary Blues, linatuluka.

Ndinawafotokozera akulu ophika athu. Iwo akusenda anyezi anangoti, "Achimwene, bwana wake sanamuthamangitse?" Aliyense amayamba waganiza za ntchito kaye, sindikuwanena.

Komatu si kuti mwayi unangomugwera ayi, anali atalemba kale. Analeredwa ndi agogo ake aakazi ku Lawrence, Kansas, makolo atasiyana. Mu 1920 ali musitima kupita kwa bambo ake ku Mexico, akuwoloka mtsinje wa Mississippi, analemba The Negro Speaks of Rivers, mnyamata wongomaliza kumene sekondale koma akutchula Congo ndi Nile ngati kwawo. Inatuluka mu magazini ya The Crisis mu 1921. Bambo ake ankafuna achite za uinjiniya, iye anapitadi ku yunivesite ya Columbia, chaka chimodzi nkusiya, 1923 ali pantchito musitima yapamadzi yopita ku West Africa.

Anzake ena achikuda ophunzira ankadana nazo zoti azilemba za anthu ochapa zovala, a m'mabala, osowa ya lendi, komanso mmene amayankhulira pamsewu, ankati akuwachititsa manyazi pamaso pa azungu. Ineyo mpamene ndamukondera pamenepo. Anthu ngati ife timadutsa ndi thireyi tsiku lonse palibe amatiyang'ana kumaso, ndiye wina azikhala pansi nkulemba kutopa kwathu osakukometsa, nkuika ndi kayimbidwe ka blues, nyimbo za anthu akuda a ku America, momwemo, chimenecho nchachikulu kwa ine.

Za kuno sanaziiwale. 1962 anali pa msonkhano wa olemba ku Makerere, Uganda, ndipo buku lomwe anasonkhanitsa mu 1963, Poems from Black Africa, lili ndi Nyasaland pa mayiko ake. Anamwalira pa 22 May 1967 ku New York.

Cha m'ma 4 kunabwera gulu lochokera kumsonkhano, tinathamanga mpaka miyendo kuwawa. Muminibasi pobwerera ndinapeza chimbale cha 1958 chomwe akulakatula yekha oimba jazi akumuperekeza, Charles Mingus alimo. Bandulo inatha ndisanamalize kumvera, mawa ndigula ina.