Akatswiri a jogalafe ya ndale ayambe ndi malire

Pofufuza zipani zokweza mtundu umodzi ndi kulamulira mwankhanza, yambani ndi malire a madera ovotera. Ku Hungary, boma la Viktor Orbán linachepetsa mipando ya nyumba ya malamulo kuchoka pa 386 kufika pa 199, n'kudulanso malire. Mu 2014 chipani cha Orbán cha Fidesz ndi anzake chinapeza mavoti osafika theka, koma mipando 133. Sanjikizani mapu akale ndi atsopano, muwerenge ovota m'dera lililonse. Kukondera kumaonekera pamenepo.

Cholakwika chofala n'kupaka chigawo chonse utoto umodzi. Dera lalikulu la anthu ochepa limadzaza mapu, wowerenga n'kuganiza kuti dziko lonse lili mbali imodzi. Jambulani timizere tozungulira tolingana ndi chiwerengero cha ovota.

Samalaninso mawu. Friedrich Ratzel, katswiri wa jogalafe wa ku Germany, ndiye anatchukitsa liwu lakuti Lebensraum (kutanthauza malo okhalamo) mu 1901, chipani cha Nazi n'kudzalisandutsa chifukwa choti chilande malo a eni.

Anthu amene mwawafunsa mafunso atetezeni: sinthani mayina awo, zojambula mawu muzitseke ndi pasiwedi, ndipo musatchule mudzi waung'ono, chifukwa kumeneko aliyense amadziwika msanga.