Zala zanga ndi za alongo anga

Kuzizira kwa June kukafika kuno ku Chipata, zala zanga zimayera mbee ndikamachapa, kenako n'kuchita dzanzi. Adokotala anati ndi Raynaud, vuto loti magazi sayenda bwino m'zala kukazizira. Anandidonthezera mafuta m'tsinde mwa zikhadabo n'kuyang'ana ndi maikulosikopu timitsempha ta magazi ta pamenepo. Akuti tikatupa, kutaya magazi kapena kuchepa, mwina scleroderma, nthenda youmitsa khungu, ikuyamba. Tanga tinali bwino.

Amene akundisowetsa tulo ndi alongo anga ku Katete. Zala zawonso zimatero, koma amati ndi matenda a azimayi. Zoona, amagwira kwambiri ife akazi, koma scleroderma ikagwira mwamuna nthawi zambiri imakula msanga, mpaka m'mapapo. Ndawatumizira ndalama ya basi. Lolemba ndikawadikira pa siteshoni.